Msewu Wosalambula wa ku Kasanjika

Anthu a ku Kasanjika, kumapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, ali ndi ulemu wopweteka nawo eni ake. Akangomva kuti kukubwera mlendo wa galimoto, amasiya chimanga m'munda n'kutenga makasu kukalambula msewu. Amakwirira zigwembe, amatchetcha udzu, amayala mitengo yatsopano pamlatho, amayi n'kumasesa pambuyo ngati kukubwera apongozi. Mlendo ndi mame, amatero, asakanene kwawo kuti anafika kwa anthu auve. Mlendoyo akachoka, mvula imodzi imakokolola dothi lonse lija, msewu n'kubwerera mwakale.

Msewu umenewu unamukwana Anjelina. Mwamuna wake Enoki, amene kale ankasenza yekha belo la fodya, anagwa m'chigafa tsiku lina n'kufa ziwalo mbali yonse ya kumanja. Kuchipatala cha ku Madisi anati azibwera mwezi uliwonse kudzamuwongola ndi kulandira mankhwala, kupanda kutero mwendowo uuma. Maminibasi anasiya kalekale kukwera kumapiriko, ndipo pa kabaza Enoki sakanatha kukhala. Chotsala chinali ngolo. Anjelina anaphunzira kuyendetsa ng'ombe zobwereka ali kale mayi wa zidzukulu. Ulendo uliwonse Enoki ankafika nthiti zikuwawa, misozi ili lendelende, koma pakamwa ali duu. Kukhala chete kumeneko n'kumene kunkamubaya mtima Anjelina.

Tsono itamveka mbiri yoti boma likufuna kukonza misewu ingapo ya kumidzi n'kuikamo mabasi otsika mtengo, ndiponso kuti kubwera anthu odzayendera kuti asankhe msewu woyenera, Anjelina anavina pakhomo pake. A Andreya, apampando a komiti ya chitukuko, munthu wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, anaitana aliyense wa manja. Analambula msewuwo mpaka unachita kuwala. Anjelina naye anatuta miyala pamutu mpaka khosi linauma. Galimoto ya oyendera inabwera, inadutsa myaa magalasi ali otseka, anthu akuimba m'mbali. Pobwerera anaipakira thumba la kachewere ndi tambala.

Kenaka kunangoti zii. Miyezi itapita, mabasi anayamba kuyenda pa msewu wina wa kuchigwa. Chifukwa chake panalibe anabwera kudzanena. Anjelina atafunsa a Andreya, iwo anakonza kolala n'kunena kuti, "Zinaunikidwa kale kumtunda, mayi. Boma silifunsidwa mafunso."

Yankho analipeza pakhonde la sitolo ya a Ashura ku Madisi. A Ashura, mayi wa Chisilamu wokoma mtima koma wakuthwa pakamwa, ankalola kuti Enoki azigona pakhondepo akatuluka kuchipatala, ng'ombe zikupuma. Tsiku lina ali pomwepo kunaima galimoto yoyera ya oyendera misewu aja, dalaivala wake, Bryson, n'kulowa kudzagula chakumwa.

"Inu a zamabasi," anatero a Ashura pomupatsa botolo, "anthu a ku Kasanjika anakulakwirani chiyani? Taonani mmene akuvutikira bambo awa."

Bryson anaseka. "Kasanjika? Kuja tinadutsa ngati tili pa tala. Mabwana anati msewu wake ndi wabwino, maminibasi atha kumapita okha, thandizo lipite kumene kuli mavuto."

Pomwepo Anjelina anazindikira. Basi ija a ku Kasanjika anaithamangitsa okha, ndi makasu awo, akuimba nyimbo. Ndipo akuluakulu aja, amene ankadziwa bwinobwino chimene ankayang'ana, sanaone chifukwa chouza munthu ndi mmodzi yemwe, asanabwere kapena atachoka. Anjelina anakwiya tsiku limenelo, mkwiyo wake sunazizire chaka chonse.

Mvula ya chaka chotsatira itangosiya, kunabwera uthenga woti oyendera akubweranso, kukasankhidwa misewu ina. A Andreya anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu n'kuyamba kugawa malo olambula. Anjelina anaimirira asanapatsidwe mpata.

"Apampando, pepani. Chaka chino khasu langa silituluka m'nyumba."

Anafotokoza zimene anamva pakhonde la sitolo. Anthu anayamba kung'ung'udza. A Andreya anapukusa mutu. "Ndiye mukufuna alendo aone umve wathu? Tidzayang'ana kuti ndi manyazi?"

"Aone mmene timakhalira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, apampando. Ife tinaphimba chilonda, sing'anga anadutsa."

Wina kumbuyo anati matenda a mwamuna amusokoneza mutu mayiyu. Anjelina anatembenukira komweko. "Eya, asokonezadi. Amene akufuna kulambula ayambe wabereka mwamuna wangayo, bambo a Lusiya, kumsana kukafika nawo ku Madisi. Akabwerako adzandiuze ngati akufunabe kukongoletsa msewu."

Amayi olima matimati, amene madengu awo ankaolera pakhomo, anayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono. M'mawa mwake a Andreya anatsikira okha kumsewu ndi fosholo, anaponya dothi pang'ono m'chigwembe chimodzi, anaona kuti jekete likuda, anabwerera kwawo.

Oyenderawo anadzera mbali ya ku Ntchisi kuti atsikire ku Madisi. Sanapite patali. Atangodutsa mudzi, galimoto inalowetsa mphuno m'chigwembe cha pafupi ndi mtsinje, matayala akumbuyo n'kumangozungulira m'malere. Anjelina anali atakonza dala kuti ulendo wa kuchipatala ukhale tsiku lomwelo. Anafika ndi ngolo yake, Enoki atagona pamphasa, n'kupeza azibambo akupinda kale malaya kuti akankhe. Chizolowezi sichitha ndi msonkhano umodzi.

"Asaigwire munthu galimotoyo," anatero, ataima pakati pa azibambowo ndi chigwembe, chikoti chili m'manja.

M'galimotomo munatuluka mayi wa magalasi ndi nsapato zosongoka. Anati dzina lawo ndi a Priscilla, mtsogoleri wa gulu loyenderalo, ndipo anapempha mwaulemu kuti awathandize.

"Tikuthandizani, mayi," anayankha Anjelina. "Koma muyambe mwatiuza pompano, pamaso pa onsewa. Msewu mumausankha bwanji? Mumayang'ana chiyani? Wathuwu unagwa chifukwa chiyani?"

"Zimenezo timakambirana ku ofesi. Zotsatira mudzamva."

"Tidzamvera kuti? Pakhonde la sitolo ngati chaka chatha?"

Bryson, amene anali pachiwongolero, anayang'ana kumbali. A Priscilla anaponya maso m'ngolo n'kuona Enoki, dzanja lakumanja litapindika pachifuwa. Nkhope yawo inasintha, ndipo chisoni chake chinali chenicheni.

"Bambowa akupita kuchipatala? Tikankheni, tiwatenga. Mpando wakutsogolo ndi wofewa, tikawatula pakhomo penipeni."

Apa mtima wa Anjelina unagawikana. Anayang'ana mpando uja. Anaganiza za Enoki akufika ku Madisi kamodzi kokha wopanda misozi, ndipo anafunitsitsa kuvomera. Anatembenukira kwa mwamuna wake. Enoki anapukusa mutu pang'onopang'ono pamphasa paja.

"Lero mutitenga," anatero Anjelina. "Mwezi wamawa mudzabweranso? Nanga amayi oyembekezera a kuno mudzawatenga liti? Sitikupempha chifundo ife. Tikufunsa funso."

A Priscilla anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenaka anayankhula, mokweza kuti onse amve. Anati amayang'ana kuwonongeka kwa msewu, kuchuluka kwa anthu okhala m'mbali mwake, ndi kutalika kwa ulendo wa kuchipatala ndi kumsika. Anati pa zinazo Kasanjika inachita bwino, koma inagwa poti msewu unaoneka wosalala. Mayi wina anakuwa kuti unasalala chifukwa anali ataulambula.

"Panalibe anatiuza kuti munalambula dzulo lake," anatero a Priscilla.

Anjelina anati, "Munafunsa ndani? Magalasi a galimoto anali otseka. Mukanatiuza chimene mukudzaona, bwenzi titakuonetsani."

A Priscilla sanatsutse. Analonjeza kuti ulendo uno zotsatira za misewu yonse, yopambana ndi yogwa, adzaziwerenga okha pabwalo la sukulu pamodzi ndi zifukwa zake. A Andreya anatsegula pakamwa kuti athokoze, koma Anjelina anali asanamalize.

"Mwaona chigwembe chimodzi chokha, mayi. Msewu ukadalipo mpaka ku Madisi. Kwerani muno, muuyeze mmene timauyezera ife. Galimoto aikankha azibambowa, ikakupezani kutala."

Anthu anayang'anana. Mlendo wa boma kumukweza m'ngolo, zinali zisanachitikepo ku Kasanjika. A Priscilla anayang'ana nsapato zawo, anazivula, anazigwira m'manja n'kukwera. Anakhala pansi pafupi ndi mutu wa Enoki.

Anjelina anakuwira ng'ombe, ngolo inalambalala galimoto ija n'kuyamba kutsika. Patsogolo pang'ono panali dzenje lalikulu limene ankalidziwa bwino. Manja ake anakoka okha chingwe kuti alipewe, monga ankachitira mwezi uliwonse pomvera chisoni mwamuna wake. Kumbuyo kunamveka mawu a Enoki, olemera, otuluka movutikira.

"Amake Lusiya. Musalambalale."

Anjelina anaima kaye. Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, anawongola ng'ombe n'kuzilunjikitsa pakati penipeni. Gudumu linagwera m'dzenjemo, ngolo yonse inalira, mutu wa Enoki unagunda pabondo la a Priscilla. Iwo anataya nsapato zija n'kuugwira ndi manja awiri.