Msewu wa Nduna Vongsin

Achimwene anga a Léon Vongsin anayambira ndale kuseri kwa kauntala, m'sitolo ya bambo ku Uturoa, tauni ya pachilumba chathu. Chitahiti, chilankhulo cha eni nthaka, ankachithyola kuposa ife tonse, moti asodzi akabwera kudzagula mbedza ankaseka mpaka kuiwala chimene abwerera. Ataimira ukhansala anapambana mosavuta. Pachisankho chotsatira analowa m'nyumba ya malamulo ku Papeete, likulu la zilumba zathu, ndipo mkulu wa chipani anawapatsa unduna wa misewu ndi madoko.

Ife Ahaka, mtundu wa Atchaina amene makolo athu anadzakhazikika kuno, tinapha nkhumba. Amalume a Tsin Fook, amene anakalamba akutchedwa mlendo pachilumba chomwe anabadwira, analira anthu akuona.

Koma ku Papeete achimwene anasanduka munthu wina. Pamisonkhano wina akakuwa kuti "Tinito!", dzina limene amatinyoza nalo, iwo ankaseka naye limodzi n'kumuyankha kuti, "Nkhope yokhayi ndiye ya Tinito, mtimawu ndi wanu!" Amayi athu atawalonjera m'Chihaka pabwalo la ndege, anawayankha m'Chifalansa.

Kenako kunabwera nkhani ya msewu wopita kuhotela yatsopano ya mnzake wa mkulu wa chipani. Msewuwo unayenera kudula manda athu pakati. Ndinakwera sitima yapamadzi mpaka ku Papeete, kuofesi kwawo.

"Achimwene, agogo agona pamenepo. Bambo agona pamenepo."

"Iwe Meilane, ndale suzidziwa. Ndikakana lero, mawa pampando pano pakhala wina amene adzagumula manda onse."

"Ndiye mwaona kuti bola mugumule ndinu?"

"Theka lokha," anatero osandiyang'ana. "Mafupa tiwasamutsa mwaulemu."

Anasaina. Mafupa a bambo tinawafukula tokha n'kuwanyamula m'mitsuko, mathirakitala akudikira kumbuyo kwathu. Iwo anatumiza dalaivala ndi maluwa.

Chisankho china chitayandikira, mkulu wa chipani anawaitana kunyumba kwake, n'kuwagwira paphewa.

"Léon, mwana wanga, wagwira ntchito. Koma anthu akuti Tinito wadya mokwanira. Tapuma kaye."

Malo awo anapatsa mphwake, mnyamata woti sanayankhulepo pamsonkhano ngakhale umodzi.

Achimwene anapsa mtima n'kuima paokha. Apo m'pamene anatikumbukira. Anabwera kuholo yathu ya Ahaka atavala malaya wamba, anagwadira chithunzi cha makolo, n'kuyamba kupempha mavoti m'Chihaka, lilime likupunthwa pa mawu alionse. Anati anapirira zonsezo chifukwa cha ife. Anati pakanapanda iwo, bwenzi holoyo kulibe.

Amalume anaimirira ndi ndodo yawo.

"Mphwanga, yankhula Chifalansa chakocho, tonse timamva. Chihaka chisiye, sichinakulakwire kanthu."

Palibe anaseka. Amayi anayamba kutolera makapu a tiyi achimwene asanamalize, anthu n'kumatuluka mmodzimmodzi.

Anagonja moipa. Atahiti anavotera chipani, Ahaka ambiri tsikulo anatsegula masitolo monga mwa masiku onse. Ndinawaimbira foni kuti abwerere kumudzi, ntchito ya m'sitolo yandichulukira. Anati aganiza kaye.

Patapita miyezi ingapo, mkulu wa chipani anawatumizira uthenga woti pali kampando m'komiti yoyang'anira misika. Anavomera tsiku lomwelo. Ndinawaona pa kanema tsiku limene mnyamata uja ankatsegulira doko latsopano. Anali ataima kumapeto kwenikweni, imvi zili mbuu, akuwomba m'manja kuposa aliyense.