Mpando Wakutsogolo

Koma analipira, nanga si analipira? Dimakatso ankangobwereza funso limeneli mumtima pamene minibasi yopita ku Soshanguve inkadzaza, iye atatsala ndi mpando wakutsogolo, uja aliyense amauthawa chifukwa wokhalapo ndiye amasonkhanitsira dalaivala ndalama za anthu onse.

M'mawa womwewo anapita ku sitolo ina mu Pretoria atavala siketi yobwereka, poti ankafuna munthu wolandira ndalama pa kauntala. Mayeso anakhoza, bwana anamwetulira, mpaka pomwe analemba dzina lake pa kompyuta, pajatu ntchito yogwira ndalama saipereka asanaone malikisi a munthu pa nkhani ya ngongole. Kumwetulira kuja kunafota.

"Koma a ngongolewo ndinathana nawo mwezi watha, bwana."

"Zikuoneka, asisi. Munagwirizana zolipira theka. Theka si zonse."

Ati adzabwerenso dzina likadzayera, mwina chaka chamawa, ngati kuti mwana wa sukulu amadya chaka chamawa.

Ngongoleyo inali ya firiji imene sanamwepo ngakhale madzi ake. Anangobwereketsa dzina kwa mlongo wake Lesiba, amene lake anali ataliipitsa kale, ndipo Lesibayo atasiya kulipira, asitolo anapereka nkhaniyo kwa otolera ngongole, anthu osatopa kuimba foni. Mayi wina wa mawu okoma wa kwa otolerawo ndiye anamuuza kuti akapereka theka nkhani yatha, iye n'kugulitsa makina ake osokera, omwe aja ankamudyetsa iye ndi mwana wake, ati alowe ntchito dzina lili loyera. Kodi mayiyo ananama? Ayi, anati nkhani yatha, sananene kuti malikisi akwera – ndi iye, chitsiru, amene anamva zimene ankafuna kumva – kapena mwina mayiyo ankadziwa ndithu, n'kuseka atadula foni? Makina apita, ntchito yapita, ndipo zinkamuwawa kuti panalibe woti amutukwane kupatula iye mwini.

Wina anamukodola paphewa. Ndalama zinayamba kubwera kuchokera kumbuyo, mzere ndi mzere, zofunda ndi thukuta la eni ake, ndipo palibe anamufunsa dzina, palibe anayang'ana pa kompyuta. Misozi inalengeza. Anthu osamudziwawa ankamukhulupirira, ndipo iye anawerenga mosamala, n'kubweza chenji, akudziuza kuti akanaitha ntchito ija, akanaitha bwinobwino.

Dalaivala anawerenganso ndi dzanja limodzi, kenaka anakhotetsera galimoto kumbali kwa msewu n'kuzimitsa injini.

"Yaperewera faivi randi. Pano sitichoka."

Anthu anayamba kung'ung'udza, aliyense akulumbira kuti wapereka zonse. Bambo wina kumbuyo anaseka.

"Tapisani m'thumba mwanumo, asisi, mwina yagweramo yokha."

Ena anaseka nawo. Dimakatso anafuna kunena kuti sanatenge kanthu, koma lero lomwe anali atanena kale zoona kamodzi ndipo sizinamuthandize. Nanga ngati wasokoneza chenji? Nanga ngati kompyuta ija inaona mwa iye chinthu chimene iye sankachidziwa? Anatambasula manja onse awiri pamaso pa dalaivala, opanda kanthu, ndipo anawayang'anitsitsa iyenso ngati manja a munthu amene sangamubwereke ngakhale singano.