Mipando Iwiri ya a Delbert

"Mbendera imeneyo usaikhudze," anatero mayi Verna ali pakhomo, mbale ya timabanzi totsekemera ta makolachi ili m'manja.

Kent, mwana wawo wamwamuna, anaima pamakwerero dzanja lili kale pachingwe. Inali mbendera yofiira ya chilembo cha N, imene bambo ake, a Delbert Hruska, ankaipachika pakhonde nyengo ya mpira ikangoyamba. Dzuwa ndi mphepo ya kuno ku Nebraska zinali zitaisukulutsa mpaka kufiira kwake kunkachita kukayikitsa.

"Amayi, maliro taika dzulodzuloli. Anthu odutsa apa aziti chiyani?"

"Aziti pano ndi pa a Delbert. Tsika udzadye."

Anatsika. Bambo wamkulu ndithu, wa imvi m'ndevu, wa ofesi yakeyake ku Dallas, koma mayi ake akati tsika amatsika basi.

Ife a kuno timadziwana. Munthu ukhoza kusiya tchalitchi anthu n'kukukhululukira, koma kusiya mpira wa yunivesite yathu ya ku Lincoln, umenewo ndiye mlandu. Ndikunena mpira wathu uja wa zisoti, wonyamula m'manja, anyamata akugundana ngati nkhosa zamphongo. A Delbert anali ndi mipando iwiri m'bwalo la ku Lincoln kuyambira asanakwatire, ndipo chaka chilichonse ankailipiranso asanaganize za mbewu. Mtima unawaimira Lolemba m'munda mwawo mwa chimanga, atakhala m'galimoto, wailesi ikukamba za mpira womwewo.

Kukhitchini Lorna, mchemwali wake wamkulu wa Kent, ankatsuka mapoto amene oyandikana nawo anabweretsera chakudya cha pamaliro. Mayi Verna anaika mbale patebulo, n'kukhala pansi pang'onopang'ono chifukwa cha maondo.

"Mawa tinyamuke m'mamawa," anatero. "Mpira ukuyamba masana."

Kent anasiya kutafuna. "Mpira uti?"

"Ulipo wina?"

"Amayi, tiyeni tikambe zoona. Maso anu sakulolani kuyendetsa galimoto mtunda wonse uja. Lorna Loweruka lililonse amakhala kuntchito kosamala okalamba. Ine ndimakhala kutali. Mipando ija tiibweze, aipatse ena."

"Eee, abale," anatero Lorna osacheuka. "Maso a amayi wayamba kuwadera nkhawa liti? Pamene ankawachita opaleshoni unali kuti?"

"Usayambe, Lorna."

"Wayamba ndiwe. Munthu sanazizire n'komwe, iwe uli kale pamakwerero."

"Ndipo mukukaonera chiyani kumeneko?" Mawu a Kent anakwera. "Timu yake iti? Nebraska inatha kalekale, tikungodyera mbiri!"

Lorna anapitiriza kutsuka mapoto pampopi.

Nkhani imeneyi inali ndi mizu. A Delbert ali mnyamata, makina okololera chimanga anawadula zala ziwiri, n'kutsala ndi zisanu ndi zitatu. Iwo ankati Mulungu sanalakwitse, chifukwa matimu a nkhalakale m'dziko lonse la America aliponso asanu ndi atatu basi. Amenewo ndiwo amadya patebulo la akuluakulu, ena onse amadyera kukhitchini ndi ana. Ukawaputa, kaya kumalo ogulitsira chimanga, kaya panja pa tchalitchi, ankatambasula manja n'kuyamba kupinda zala: Alabama, Notre Dame, Michigan, Ohio State, Texas, Southern Cal. Oklahoma ankaitchula atakwinya nkhope ngati alawa mkaka wosasa, koma ankaitchula, chifukwa mdani weniweni sumunyoza. Chala chachikulu ankasungira Nebraska.

Kent ndiye anali wotsutsa. Lamulungu lililonse madzulo ankaimba foni kuchokera ku Dallas, ndipo moni usanathe mkangano unali utayamba.

"Bambo, chikho chomaliza tinatenga ine ndili kusekondale. Nanga Georgia? Anthu akuwina lero, inu mukuwadyetsera kukhitchini?"

"Chala cha Georgia chinapita ndi makina, mwana wanga. Zikho zisanu sizivunda."

Kucheza kwawo kunali komweko. Zoti ndakusowa, zoti ndimakukonda, sizinatulukepo pakamwa pa aliyense wa iwo. Koma Lamulungu lomaliza Kent anali atatopa ndi ntchito, ndipo bambo ake atayambanso kupinda zala, iye anati, "Bambo, mukukakamira mtembo," n'kudula foni. M'mawa mwake Lorna anamuimbira akulira. Mawu amenewo ankamudya m'kati usiku ndi usana, ndipo zamaso a amayi zinali zongonamizira. Chimene ankaopa n'kukakhala pampando wa munthu amene anamudulira foni.

Mayi Verna anapukuta tebulo ndi dzanja, ngakhale panalibe chopukuta.

"Mipando imeneyo mukaibweza, mwandikwiririra bambo anu kachiwiri," anatero motsitsa mawu. "Koma sindingapiteko ndekha, ndipo sindikakamiza munthu. Ndikukupempha mawa lokha, Kent. Tikabwerako unene wekha. Ukati tibweze, ndibweza."

Kent anayang'ana mchemwali wake. Lorna anatseka mpopi, n'kumuponyera nsalu yopukutira mbale.

"Juzi yofiira ya bambo ili kuseri kwa chitseko," anatero. "Ikuthina pamimbapo, koma upirira."

Ananyamuka m'mawa kukuzizira. Msewu wa ku Lincoln unali utadzaza magalimoto a anthu ovala zofiira, ena mbendera zili petupetu pamazenera, minda ya chimanga chouma itayala mbali zonse. Mayi Verna anagwirizira fulasiki ya khofi pamiyendo. Kent anali asanapondeko m'bwalo lija zaka zoposa makumi awiri, koma fungo la nyama yowotcha pamalo oimika magalimoto linamubwezera ku ubwana nthawi yomweyo, mpaka anakwiya nalo.

Mipando inali pamwamba ndithu. Anakwera mopumira, mayi atakolowekera mkono wawo mwa mwana wawo. Asanakhale n'komwe, bambo wina wachikulire wa chipewa chofiira anaimirira pampando woyandikana nawo, manja ali m'mwamba.

"Mayi Verna! Lero mwachedwatu. Nanga mdala wa zala zoperewera ali kuti? Wathawa, akuopa kuluza?"

Mayi Verna anawagwira malaya pamkono. "Anatisiya Lolemba, a Elroy. Taika Lachinayi."

A Elroy anakhala ngati sanamve. Kenaka anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa ndi manja onse awiri. Anali munthu wa ku Omaha, wopuma pantchito ya positi, ndipo anakhala moyandikana ndi a Delbert m'bwalo limenelo zaka zoposa makumi atatu, pamvula, pachisanu, pakuwina ndi pakuluza.

"Bwanji osandiuza?" anafunsa. "Ndikanabwera ine. Ndikananyamula nawo bokosi."

"Tikanakuuzani bwanji? Ndafufuza nyumba yonse, nambala yanu palibe. Ngakhale dzina la bambo anu sitilidziwa."

"Inenso lanu sindilidziwa!"

Anayang'anana, n'kuphulika kuseka, misozi ili chuchuchu. Ndi mmene zimakhalira m'bwalo muja. Umadziwa maondo a mnzako, matenda a mkazi wake, mayina a zidzukulu zake, koma kumene amakhala sudziwa, chifukwa Loweruka likubwerali mudzaonananso.

A Elroy anapukuta m'maso n'kumuyang'ana Kent kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuima pa juzi yothinayo.

"Iwe ndiye wa ku Dallas uja. Mneneri wa Georgia."

"Mukundidziwa?"

"Kukudziwa? Iwe unandisowetsa mtendere ndisanakuone n'komwe! Khala pansi, mpando ndi umenewo."

Kent anazengereza. Mpandowo unali wamba, thabwa lozizira lokhala ndi nambala yofufutika. Mayi ake anamukoka juzi, ndipo anakhala.

"Bambo ako ankafika pano," anapitiriza a Elroy, "asanatsegule n'komwe khofi, n'kuyamba: 'Elroy, tiyeni tinene chilungamo, ife patebulo la akuluakulu paja tikadalipo? Mbiri imasewera mpira? Mwana wobadwa lero akutidziwa?' Ine magazi kuwira! Ndimati, mdala iwe wapenga, zikho zisanu waziiwala? Bwalo ili ladzaza masewero aliwonse kuyambira tili anyamata, ndani wina angatero? Iye n'kumandipanikizabe, kundipanikizabe, mpaka anthu a kumbuyoku kulowererapo."

"Bambo anga? Ankanena zimenezo?"

"Mawu ako omwewo. Tsiku lina ndinatopa nazo, ndinati, kodi iwe Delbert uli mbali iti? Akuti, 'Ndikukonzekera, Elroy. Mawa mwana wanga aimba foni. Mnyamata ameneyu ndi wanzeru, sungapite kwa iye chimanjamanja.' Ndiye mayankho onse amene ankakupatsa Lamulungu, dziwa kuti theka anali anga."

Kent anayang'ana pansi. Gulu loimba linali litalowa m'bwalo, ng'oma zikugunda, anthu onse ataimirira, koma iye sanathe kudzuka.

"Amayi," anatero, "Lamulungu lija ndinawayankhula moipa. Ndinawadulira foni."

"Ndinali pomwepo," anayankha mayi Verna maso ali kubwalo.

"Anakhumudwa?"

"Kukhumudwa? Anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwapatsa madzi. Akuti, 'Verna, lero ndamupana, wathawa!' Anagona akusekabe. Dzuka, anyamata akulowa."

Kent anadzuka akulira poyera, ndipo sanabise. M'phokoso limene lija palibe amene anadabwa naye.

Za mpirawo ndisakunamizeni, unali woipa. Anyamata athu anayamba bwino, kenaka n'kuyamba kugwetsa mpira ngati wapakidwa sopo. Alendo a malaya oyera, ochokera ku sukulu imene a Delbert sakanaipatsa ngakhale chikhadabo, ankangodutsa pakati pathu ngati pamsewu. A Elroy anatukwana oyimbira mpira, anatukwana mphepo, kenaka anatukwana a Delbert chifukwa chomwalira nthawi yolakwika. Kent anadzipeza ataimirira akukuwa mpaka mawu kusasa, iye amene ankati timu inatha kalekale. Mpira unatha titaluza, ndipo sikunali kuluza kwapafupi ayi.

"Amayi, tiyeni titsogole magalimoto asanathithikane," anatero Kent atanyamula fulasiki.

Mayi Verna anatsanzikana ndi a Elroy, ulendo uno atapatsana mayina onse. Koma atafika pamakwerero sanakhotere kotulukira. Anayamba kutsika kulunjika kumunsi, kungodya ya bwalo, akugwira chitsulo ndi manja awiri, phazi limodzi, kenaka linzake.

"Amayi, khomo lili uku."

"Ndikulidziwa khomo."

Kent anawatsatira. Kumunsi kuja, pamene timu ya alendo imatulukira, panali pataima kale anthu ovala zofiira, akuombera m'manja anyamata amene angotichititsa manyazi. Mwambo umenewu Kent ankaudziwa, aliyense wa kuno amaudziwa, koma ankauyesa wa anthu okhala mipando yapafupi. Kuchokera pamwamba paja mpaka pansi panali makwerero oti ngakhale wachinyamata angadandaule.

"Bambo ankatsika mpaka kuno?"

"Masewero aliwonse. Ndi chiuno chawo chija. Tikawina ankatsika, tikaluza ndiye ankachita kuthamanga. Ankati mlendo umamuperekeza, ngakhale wakudyera nkhuku yomaliza." Mayi Verna anayesa kuomba m'manja, koma zala zawo zopindika ndi nyamakazi sizinatulutse phokoso. "Manja angawa satha. Ankandiombera ndi bambo ako."

Kent anaika fulasiki pansi. Anayamba kuomba, poyamba mwamanyazi, kenaka mwamphamvu. Anyamata a malaya oyera ankadutsa atavula zisoti, thukuta lili kamukamu, ena akuyang'ana m'mwamba modabwa, mmodzi n'kukweza dzanja.

"Mipando ija musaibweze, amayi," anatero osasiya kuomba. "Ndizibwera. Sindikwanitsa masewero onse, koma ndizibwera. Masewero enawo Lorna asinthane ndi anzake kuntchito, ndimunyengerera ndine."

Mayi Verna anangogwira juzi ija kumsana, pamene inkathina, n'kusiya dzanja lawo pomwepo.

Osewera anatha, aphunzitsi awo anadutsa, anthu ambiri anayamba kubalalika. Kent anatsitsa manja n'kuwerama kuti atole fulasiki.

"Ayi," anatero mayi ake. "Bambo ako ankadikira mpaka womaliza."

Kumapeto kwa bwalo kunkabwera bambo wina wonenepa, wa dazi, akukoka yekha thumba lalikulu la mipira, maso ali pansi, osayembekezera kanthu kwa aliyense. Kent anawongoka, n'kuyambanso kuomba m'manja.