Mtedza wa M'chiguduli

Watipaso Nyirenda ankamaliza masamu anzake asanathe n'komwe kukopera funso. Akatero ankasowa chochita, ndiye ankayamba kukoka tsitsi la mnzake wakutsogolo kapena kuyeserera mawu a ahedi. Pofika giledi 5, aphunzitsi onse pasukulu yawo ya ku Kapichila ankamudziwa ngati mwana wovuta.

Chaka chimenecho kunabwera mphunzitsi watsopano wochokera ku boma ku Lundazi, Madamu Linah Mtonga. Atamuyang'anitsitsa mwanayo kwa milungu itatu, anamuuza kuti Lachitatu lililonse azitsalira akaweruka, pamodzi ndi anzake atatu amene nawonso ntchito ya m'kalasi inkawachepera. Watipaso ankayesa ndi chilango. Koma Madamu ankangobwera ndi funso limodzi, loti yankho lake m'buku mulibe, n'kukhala pambali kumachonga makope.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, funso linali lakuti: munthu angadziwe bwanji kuti mbewu ndi yamoyo asanaibzale?

Lukundo, mnzake wa Watipaso wa ponda apa nane mpondepo, anati aponye mtedza m'madzi, woyandama ndiye wakufa. Anayesa, koma panalibe wotsimikiza kuti womirawo unalidi wamoyo. Anakangana mpaka nthawi inatha. Popita kwawo Watipaso anadzera pamjigo kukamwa madzi, ndipo atasuntha chiguduli chonyowa chimene wina anachiiwala pamatope, anaona njere zitatu za chimanga zitatulutsa timizu toyera. Anabwerera kusukulu chothamanga, chiguduli chili m'manja, n'kuwapeza Madamu akutseka chitseko.

M'mawa mwake anawo anabweretsa mbewu za kwawo. Anayala njere makumi awiri pachiguduli chilichonse, n'kuchipinda ngati mphasa, ndipo ankasinthana kuwaza madzi. Watipaso anapinda ziwiri, chifukwa bambo ake, a Bornwell, anali ndi mtedza wa mitundu iwiri. Wina unali waung'ono, wosungidwa m'makoko ake. Wina unali waukulu wonenepa, umene anausenda kalekale n'kuutsekera m'mgolo pansi pa malata, ndipo ndi umenewu ankaunyadira kuti adzabzala munda wonse.

Patapita masiku asanu ndi awiri anafunyulula. Mtedza waung'ono unamera wonse kupatula njere ziwiri. Waukulu uja zinamera njere zisanu ndi imodzi zokha, zina zonse zitangofewa n'kuchita nkhungu. Watipaso anawerenga katatu. Mwana amawauza bwanji bambo ake kuti mbewu yawo yokondedwa ndi yakufa? Madamu anamulangiza kuti asawonjezere kapena kuchotsera kanthu, angonena zimene waona.

Anawapeza bambo ake akunola khasu pakhonde. Anagwada n'kuwafotokozera zonse.

“Iwe, mbewu yonenepa ngati ija ingakane kumela?” anatero a Bornwell, osasiya kunola.

“Adada, tiyeni mukaone mweka. Ikali m'chiguduli kusukulu.”

M'mawa a Bornwell anamukweza panjinga. Atafika anapereka moni wa “Muli uli, Madamu?”, n'kuvula chipewa, kenako ananjuta pansi pakati pa anawo. Anatola njere imodziimodzi, kuifinya, kuinunkhiza. Watipaso anayamba kuyang'ana kukhomo. Mwadzidzidzi bambo ake anaseka chikhakhali, kuseka kogwetsa misozi. Anati akanagawira chiswe munda wathunthu, ndipo anafunsa amene anawaphunzitsa anawo nzeru imeneyi. Madamu anayankha kuti iwo anangofunsa funso, nzeruyo anaitola mwana wawo yemweyo pamjigo. A Bornwell anamuyang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba. Watipaso anaweramitsa mutu, koma kumwetulira kunamukanika kubisa.

A Bornwell sanali munthu wosunga nkhani. Lamlungu anaifotokoza kutchalitchi, Lolemba kuchigayo. Lachitatu lotsatira, belu loweruka lisanalire, pansi pa mtengo wa mango panali patakhala amayi oposa khumi, aliyense atamanga njere pakona ya chitenje: mtedza, chimanga, soya, ngakhale mphodza. Mai Faides Zimba, amene ankagulitsa tomato pamsewu, anabwera ndi nthangala za maungu n'kunenetsa kuti zawo ziyambe.

Madamu anatulutsa desiki panja n'kuwasiyira anawo ntchito yonse. Lukundo ankalemba mayina patimapepala, anzawo awiri ankatunga madzi, ndipo Watipaso ankawerenga njere n'kumafotokozera mayi aliyense m'Chitumbuka tsiku loti adzabwerenso. Asanafike pakati pa mzere, ziguduli zinatha.

Watipaso anayang'anayang'ana, n'kuwaona bambo ake ataima pamsewu akucheza ndi anzawo, njinga ili m'manja. Anapita mwaulemu n'kuwapempha kuti akatenge ziguduli zina kunyumba. Amayi aja anaomba m'manja kuseka kuti lero mwana watuma bambo ake. A Bornwell anangokoka buluku, n'kukwera njinga, ndipo anafunsa ali kale panjira ngati zisanu zingakwane.