Bowo Limene a Yefim Sanatseke

"Mtengo umenewu ugwe lero, ndisanabwerere ku tauni," anatero Gleb, akuthira mafuta m'sowo ya injini pakhonde.

Mayi ake, a Taisiya, ankakonza buledi wovundikira tambula ya mowa wa vodika, monga mwa mwambo wa maliro, patsogolo pa chithunzi cha amuna awo, a Yefim, amene anaikidwa dzana. Anayankha ndi Zoya, mwana wawo woyamba.

"Dothi la pamanda silinaume n'komwe, iwe wayamba kale kugwetsa zinthu?"

"Achemwali, nthambi ijayo mwaiona? Ikadzathyoka ndi kulemera kwa chipale chofewa idzagwera pabedi pa Amayi. Inu kutali, ine kutali. Adzawafukule ndani, ndakatulo?"

Kunena zoona, Gleb sankanama. Mtengo wa bereza uja, wa khungwa loyera, unali utapendamira denga. Koma unali wa a Yefim, ndipo tonse m'mudzi muno tinadutsa m'manja mwawo kusukulu. Ankatiloweza ndakatulo mpaka mutu kuwawa. Chipale choyamba chikayamba kugwa, ankasiya choko n'kutiimika pawindo. "Alakatuli athu akamatchula mtengo kapena mtsinje," ankatero, "akufunsa chinthu chimodzi: bwanji ife timapita, izi n'kutsala, osatilira n'komwe, koma n'kukongolabe chonchi?" Ife tinkaseka chamumtima. Gleb yekha sankaseka, chifukwa kunyumba ankamukweza pa mpando kuti alakatule pamaso pa alendo. Atakula anathawira ku ntchito ya milatho, nalumbira kuti mzere ngakhale umodzi sakuukumbuka.

Ananyamula sowo n'kuzungulira kuseri, Zoya akumulondola ndi mawu. "Dula, injiniya wamkulu! Ukamaliza udulenso mtsinje, ukusokosa."

Kuseriko Gleb anaima. Chipale chinali chikusungunuka, nkhalango yonse ili zii, ndipo m'bata limenelo munkamveka kanthu: tho, tho, tho. Patsinde pa bereza panali botolo lalikulu, lodzaza mpaka kusefukira. Madzi a mtengowo, oyera mbee, ankatsika m'kaudzu kolowetsedwa pabowo, n'kumagwa dontho limodzilimodzi.

A Taisiya anafika atafunda shawelo. "Bambo anu anaboola kuti atape madzi akumwa, m'mawa wa tsiku limene anagwa n'kutisiya lija," anatero. "Amati atseka madzulo. Ukasiya bowo chotsegula, mtengo umakha mpaka kudwala."

Ndiye kuti nthawi yonse imene a Yefim anali gone m'bokosi, anthu akulira, wansembe akuimba, mtengowo unkangokoka madzi pansi pa nthaka yozizira n'kumawathira m'botolo la munthu wakufa. Gleb anagwidwa ndi mantha, mantha okoma ngati amene amakugwira ukalowa m'tchalitchi mopanda anthu. Anayendetsa dzanja pakhungwa. Kuzungulira thunthu lonse kunali timabala takale, chaka ndi chaka, kalikonse kotsekedwa ndi kamtengo kosema bwino n'kumatidwa phula.

Anatula sowo pansi, nanyamula botolo lija n'kumwa. Madziwo anali ozizira mpaka kulasa mano, otsekemera patalipatali. Anapatsira Zoya, ndipo nayenso anamwako.

"Nthambi yokhayo ndidzabwera kudzaidula masamba akadzayoyoka," anatero Gleb. "Amayi, phula Bambo ankasunga kuti?"

"M'thumba la jekete lawo. Mpeni ulinso momwemo."

Anasema kamtengo, nakakhomera pabowo, namata phula ndi chala chachikulu. Kudontha kunaleka. A Taisiya anamuyang'anabe ngati ntchito sinathe.

"Bambo ako sankachoka chonchi."

Gleb ankadziwa: bambo ake akatseka bowo, ankaulakatulira mtengowo. Anavula chipewa pamaso pa mtengowo, mphepo ikumuzizira m'mutu, ndipo ndakatulo ija ya pa mpando inatuluka yokha m'kamwa mwake, yonse, mpaka kupumira pamene bambo ake ankapumira.