Mfundo ya Paphewa la Duván

Tsiku la Yurleny linkayamba kusanayere. Kukoleza moto, kupera chimanga chophika cha tizigumu makumi atatu totchedwa maarepa, kutereka nyemba zomwe zagona m'madzi, kuwiritsa madzi a shuga wa nzimbe oti anthu othyola khofi atengere kumunda. Kenako kusambitsa Dayana, mwana wake wa zaka ziwiri, kuchapa, kukolopa pakhonde, kupakulira anthu khumi ndi awiri chakudya chamasana m'zitini, kukwecha mapoto, n'kuyambanso kusenda nthochi za madzulo. Mwezi wa Okutobala khofi akapsa m'mapiri a Marsella, munthu sakhala pansi. Koma m'nyumba mwake munali munthu mmodzi wokhala pansi, ndipo uwu unali mlungu wachitatu.

Duván, mwamuna wake, ankayendetsa makina osenda khofi pafamu pomwepo. Inali ntchito ya chaka chonse, osati ya nyengo ngati yothyola, ndipo amene anamupezera anali Arbey, mchimwene wake wa Yurleny, yemwe anali kapitawo. Tsiku lina Duván anabwera atapendeketsa khosi, nati phewa lakumanja likumuwotcha, ululu ukukwera kuseri kwa khutu mpaka m'diso. Matumba a khofi sakanathanso kuwakweza pamakina. Kuchipatala anamujambula, mafupa onse ali bwinobwino. Anangomupatsa mapilitsi ndi kapepala koti akaonane ndi a mafizo patatha milungu itatu.

Yurleny anali munthu wokhulupirira zoona ndi maso. Chilonda panalibe, chotupa panalibe, thupi silinkatentha, mbale inkabwera yoyera. Lamlungu anamuona pagolosale akusewera domino ndi anzake, akuseka mano onse pamtunda, pamene iye anali atasenza thumba la mpunga, mwana ali m'chiuno. Mtima unamuwira njira yonse.

Lolemba m'mawa Arbey analowa kukhitchini kudzamwa khofi. Maso ali gwaa ndi tulo, poti makinawo ankayendetsa yekha akaweruka kumunda. Ananena kuti mwini famu wayamba kufunsafunsa, koma iye akumusungirabe malo mlamu wake. Ndiye anafunsa kuti wodwalayo akupezako bwanji.

"Achimwene, mukungodzivutitsa," anatero Yurleny, akutembenuza arepa. "Palibe chikuwawa pamenepo. Munthu wazolowera mthunzi basi."

Iye ankafuna kuti Arbey apite akamukalipire Duván, amuopseze pang'ono, adzuke. Koma Arbey anangomaliza khofi wake, n'kuika kapu pansi, n'kutuluka.

Lachinayi Yurleny anasiyira mayi Nubia, oyandikana nawo nyumba, mwana ndi mapoto, n'kukwera jipi yopita m'tauni pamodzi ndi mwamuna wake. Duván anayesa kuti akumuperekeza chifukwa cha chifundo. Chilungamo chake, Yurleny ankafuna adzimvere yekha ndi makutu ake dokotala akunena kuti palibe chilichonse.

Wa mafizoyo anali mayi wamfupi, dzina lake Maryori, wa manja onenepa ngati okandira buledi.

"Vulani malaya bambo, akazi anu ali pompano, palibe mlandu," anatero.

Anamugoneka chafufumimba, n'kuyamba kutsina mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa, pang'onopang'ono, ngati munthu wofuna mwala mu nyemba. Atafika pena pake anaima n'kukanikiza. Duván anakoka mpweya ndi mano. Asananene kanthu, a Maryori anamufunsa ngati ululuwo ukukwera kuseri kwa khutu mpaka m'diso.

Anali mawu omwe aja, omwe Yurleny ankaseka mumtima kuti phewa ndi diso zikugwirizana pati. Mayiwa anali asanauzidwe ndi munthu.

A Maryori anafotokoza kuti mumnofumo muli mfundo, malo amene mnofu unakungika n'kukana kumasuka, ndipo makina ojambula mafupa saiona. Anapukuta khungu ndi kathonje, n'kutsegula kapepala momwe munali singano yopyapyala ngati tsitsi la kumchira wa kavalo. Inalibe chibowo, inalibe mankhwala.

"Nanga mankhwala ake ali kuti, adokotala, kapena anatha chaka chatha?" anafunsa Duván, nkhope ili mupilo.

"Singano yomweyi ndiye mankhwala. Inu gwirani bedi. Mayi, senderani kuno muone."

Yurleny anasendera. Singano inalowa, a Maryori n'kumaiyendetsa pang'ono, kulowetsa, kubweza, kulowetsanso. Mwadzidzidzi mnofu unaphupha wokha pansi pa khungu, ngati nkhuku yongodulidwa kumene. Unaphuphanso kachiwiri, kachitatu. Duván analuma nsalu ya pabedi, thukuta lili kamukamu pamsana, zala zakumapazi zitapindika.

"Mwaona?" anatero a Maryori. "Si bambowa akuchita zimenezo, ndi mnofu wokha. Munthu sangachite dala, ngakhale mutamulonjeza ng'ombe."

Iwo ankangofotokoza ntchito yawo monga amachitira ndi aliyense. Koma kwa Yurleny zinali ngati amuwerengera mlandu pagulu.

Akuchotsa singano yachitatu, a Maryori ananena kuti mfundo yolimba chonchi si ya milungu itatu, ndipo anafunsa kuti inayamba liti. Duván anazengereza, kenako anavomera kuti kuyambira mwezi wa Meyi, nthawi ya khofi wochepa wa pakati pa chaka. Anati sankafuna kuchititsa manyazi mlamu wake amene anamuimira kwa bwana, choncho ankangosenza, akafika kunyumba n'kugonera mbali inayo. Yurleny anawerenga miyezi mumtima. Isanu. Miyezi isanu akugona bedi limodzi ndi munthu, osadziwa chifukwa chimene anasinthira mbali.

Malangizo anali achidule. Pamalopo papweteka masiku awiri ngati wamenyedwa ndi chibonga. Aziikapo nsalu ya madzi otentha, aziwongola khosi m'njira imene anamusonyeza, asanyamule thumba masiku khumi, abwerenso katatu. Akatero ntchito agwira ngati kale.

Pobwerera Duván anali wina. Anapendeketsa khosi uku ndi uku mujipi, akudabwa kuti likufika pamene silinkafika. Anauza mayi wina wonyamula mazira kuti amubaya ngati nyama yowotcha koma akupita kwawo wamoyo. Kenako anatembenukira kwa mkazi wake.

"Masiku khumi okha, mayi a Dayana. Ukamuuze Arbey. Mlamu wanga uja ndi munthu, wandisungira malo milungu itatu yathunthu."

Yurleny anangoyang'ana mitengo ya khofi ikudutsa. Chikwama anachifinya pamiyendo.

Atatsika anauza Duván kuti atsogole, iye akatenge mwana. Koma sanapite kwa mayi Nubia. Anatsetsereka kulunjika kushedi ya makina, ndipo ali patali anamva makinawo akulira, masana dzuwa lili pamutu, nthawi imene Arbey amakhala kumunda. Pamakinapo panali bambo wachilendo, wamtali, akukhuthula thumba. Arbey anali ataima pambali akumuonetsa pothira madzi.

Yurleny anamukokera mchimwene wake kuseri n'kumufotokozera zonse, za mfundo, za singano, za mnofu wophupha, za mwezi wa Meyi. Mawu ankatuluka mothamangitsana. Arbey anavula chipewa n'kukanda m'mutu nthawi yaitali. Anati munthuyo anamulemba Lachiwiri, wachokera kutali ku Nariño ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo anagwirana chanza pamaso pa mwini famu.

"Unandiuza wekha, mlongo wanga. Ndikanakayikira mawu a mkazi wake?"

Yurleny anapempha kuti mwina agawane ntchitoyo, mwina mlendoyo apatsidwe ina. Arbey anapukusa mutu. Makina ndi a munthu mmodzi, ndipo iye sakanadya mawu ake kawiri mlungu umodzi. Chimene akanatha n'kumupatsa Duván mzere wothyola khofi akachira, monga wina aliyense.

Yurleny anamupeza Duván pakhonde, atatsamira chipupa, maso ali tseke. Anatereka madzi, naviika kansalu, nakafinya. Anaganiza zonena kuti mwini famu ndiye walamula, ndipo Arbey sakanamutsutsa. Koma bodza la Lolemba linali litamukwana. Anaima kumbuyo kwake, kansalu kali m'manja, n'kunena zonse monga zinachitikira, ndi mawu enieni amene ananena kukhitchini.

Duván sanatembenuke. Kunsi kwa phiri makina ankalirabe.

"Ukanandifunsa ine," anatero pamapeto pake.

"Ndinkakufunsani tsiku lililonse, bambo a Dayana."

"Unkafunsa kuti ndidzuka liti."

Madzi ankadontha pakansalu kugwera pasimenti. Patapita kanthawi Duván anatsitsa yekha kolala ya malaya, poti kansalu kakanazizira, ndipo Yurleny anakaika pamalo pamene panali timadontho titatu tofiira.

Zonse pamodzi zinadya izi. Maulendo anayi a Lachinayi opita m'tauni, ndipo onsewo Yurleny anapita nawo, mapoto n'kumasiyira mayi Nubia. Singano khumi ndi imodzi. Phewa linachira pakati pa Novembala. Ntchito ya makina inapita, ndipo bambo wa ku Nariño akuigwirabe mpaka lero. Duván anathyola khofi milungu isanu yotsalayo, ndowa ili m'chiuno, kenako mu Januwale anakwera basi kukafuna ntchito ku Huila, komwe anakhala miyezi itatu, Dayana n'kuphunzira mawu ambiri bambo ake kulibe. Arbey khofi wake amamwera pakhomo, ataima. Ndipo Yurleny akafunsa mwamuna wake kuti wadzuka bwanji, yankho limakhala limodzi, lakuti ali bwino, kaya zoona kaya ayi.