Anabwereka Dzina la Mng'ono Wake

Kawiri konse mwana woyamba wa bambo wina wokonza njinga anakhoza mayeso omaliza pulayimale, ndipo kawiri konse sanasankhidwe kupita ku sekondale. Bamboyo zinamuwawa koopsa. Mtsikana wokhoza bwinobwino, n'kumangotsuka mbale pakhomo!

Anapita kwa mphunzitsi wamkulu, manja ali bii ndi girizi.

"Bambo, ku pulayimale timalandira aliyense, ndipo zimenezo n'zabwino," anatero mphunzitsiyo. "Koma ana makumi asanu ndi atatu akulimbirana malo asanu ndi limodzi, ndipo wobwereza amamuika kumbuyo kwa mzere. Yesani sukulu ya ntchito zamanja. Sindikunamizani kuti n'chimodzimodzi, koma ilipo."

Tsiku lomwelo mlamu wa bamboyo anafika pashedi yokonzerapo njinga, nakhala pa tayala lakutha.

"Alamu, mukugona inu! Anzanu amangosintha dzina, mwana n'kulemba ngati watsopano. Si ali ndi mng'ono wake? Tengani kalata yobadwira ya wamng'onoyo. Pomadzafika iyeyo, adzakumbuke ndani?"

Bamboyo anamvera. Anasamutsira mwana wamkuluyo kusukulu ina, namulembetsa pa dzina la mng'ono wake. Mtsikanayo anasankhidwadi, ndipo sabata imeneyo bamboyo njinga za ana asukulu ankazipopa ulere.

Patatha zaka zitatu, wamng'ono uja anafika kalasi yomaliza. Ameneyu ndiye anali ndi mutu kuposa mkulu wake. Mphunzitsi wamkulu anaitanitsa bamboyo, natseka chitseko cha ofesi.

"Kompyuta yakana mwana wanu. Ikuti mwana wa dzina ili ndi tsiku lobadwa ili analemba kale, ndipo ali ku sekondale. Mukaulula, wamkulu amuchotsa. Mukakhala chete, wamng'onoyu salemba. Ine ndilibe mphamvu, zonse zimachokera kulikulu. Kalembera wa mayeso atha Lachisanu."

Bamboyo anabwerera akukankha njinga, kukwera kutamukanika. Anapeza wamng'onoyo akusita yunifolomu.

"Ababa, mawa akudzatijambula zithunzi za mayeso. Kolala ili bwino?"

Bamboyo anamuuza zonse, maso ali pansi. Mtsikanayo anaimika simbi, nayang'ana bambo ake.

"Ndiye musankha ndani, ababa?"

Lachisanu linadutsa bamboyo asanaulule, ndipo wamng'onoyo sanalembe mayeso.

Phunziro: Malo a sekondale akachepa, makolo amayesedwa kuchita zachinyengo. Koma chinyengo sichiwonjezera desiki ngakhale imodzi. Chimangolanda malo a mwana wina, ndipo nthawi zina mwanayo ndi wanu yemwe.